Chala pakamwa pa pampu

Bambo a ana anga ankagwira ntchito ya mpweya pamgodi wa mtovu kuno ku Kabwe. Ankayang'anira kompuresa, chimakina chimene chinkapanikiza mpweya m'thanki n'kuutumiza m'mapaipi kwa oboola miyala pansi. Mgodi utatsekedwa, m'zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, tinatuluka m'nyumba ya kampani n'kukalowa m'chipinda chimodzi cha lendi, kufupi ndi msewu wopita kundende ya Mukobeko. Ana omwewo, katundu yemweyo. Mipando inkagona pamwamba pa kabati, miyendo m'mwamba.

Bambo anatenga pampu ya njinga, beseni la madzi ndi zigamba, n'kukakhala pansi pa mtengo kumamata machubu. Ndipo analeka kulankhula. Sanayambe mowa, sanakalipire mwana. Ankangodya, kusamba m'manja, n'kumayang'ana khoma. Mnzawo wina wa kumgodi anakhalaponso chete chonchi, mpaka mkazi wake anamupeza atadzimangirira kuseri kwa nyumba. Titabwera kumaliro amenewo ndinamasula chingwe choyanikira zovala n'kuchibisa. Ndinkayanika pampanda.

Kumpingo kwathu tinkaphunzitsana kuti kung'ung'udza ndiko kunagwetsa anthu a Mulungu m'chipululu. Bambo anali munthu womvera. Aliyense akawafunsa, yankho linali limodzi: "Tili bwino, Ambuye ngabwino." Mawu amenewa ankandiopsa kuposa kulira.

Tsiku lina masana ndinawapititsira chakudya. Ndinapeza msilikali wa kundende ataima ndi njinga yake, akuwaseka.

"Ba mudala, tayala yanga yafa futi. Ithawitsa mphepo kupambana mmene tithawitsira akaidi. Koma imwe, kuchoka pa makina yaikulu monga nyumba kubwera pa kapampu aka, ndiye promoshoni, ai?"

"Mphepo ndi imodzimodzi, bwana," anatero bambo, osadzutsa mutu.

Msilikali atapita ndinawafunsa tanthauzo lake, kungoti ndimve mawu awo. Anandipatsa pampu, iwo n'kutseka pakamwa pake ndi chala chachikulu.

"Kankhani, mayi. Pang'onopang'ono, isatenthe. Ikatentha nkhani imasintha."

Ndinakankha. Poyamba chogwirira chinkalowa mosavuta. Chitafika pakati chinayamba kundibweza.

"Apo mpweya uli m'theka la malo ake, ndiye ukukankha kawiri kuposa poyamba. Mukadulanso pakati malo otsalawo, uwirikizanso."

"Ndiye wachuluka?"

"Ulowera kuti, chala changa chili apa? Ndi womwe uja. Malo ndiwo achepa. Tasiyani."

Ndinasiya, chogwirira n'kubwerera chokha. Anati ukaupatsa malo umafatsa, ukaumana malo umalimba, ndipo sutopa kukankha, usana ndi usiku. Ananena za geji yoyezera mpweya pathanki, mmene muvi wake unkakwerera. Ananenanso za valavu imene inkatseguka yokha n'kulira mpweya ukafika poopsa. Valavuyo ankaiyesa asanachite china chilichonse, chifukwa thanki yopanda potulukira imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku limene yapha anthu.

Chichokereni kumgodi anali asanalankhulepo motalika chotero.

"Nanga valavu yanu ili kuti, bambo?" ndinafunsa.

Anandilanda pampu ija n'kuyamba kuipukuta ndi kansanza. Chakudya sanachimalize.

Ndinabwerera ndili wolema. M'njira ndinkaganiza za Iye amene anauzira mpweya m'mphuno za munthu wadothi. Amene anaika mpweyawo sangalephere kudziwa kuti dothi limang'aluka. Ndinakumbukiranso kuti m'Malemba muli anthu olungama amene anamulirira Mulungu pamaso, kumufunsa kuti adzakhala chete mpaka liti, ndipo sanawataye. A m'chipululu ankanyinyirika kumbali. Awa ankapita nazo kwa Mwini wake.

M'mawa mwake, pa pemphero la banja, inali nthawi yanga. Sindinayambe ndi kuthokoza monga mwa masiku onse. Ndinati, "Atate, tatopa. Chipinda chino n'chaching'ono. Fumbi la kumgodi likutsokomoletsa ana, ndipo mgodiwo sukutidyetsanso. Simukuona kodi?" Ana anatsegula maso. Ine sindinanene ameni. Ndinangodikira.

Patapita kanthawi ndinamva mawu a bambo, otsika, osasa.

"Ndinazimitsa ndekha makina aja, Ambuye. Anandiuza kuti zimitsa, ndinazimitsa. Ndinatsegula valavu, mpweya wonse n'kutuluka, muvi n'kugona pansi. Palibe anabwera kudzati zikomo."

Anapitiriza mpaka tiyi anazizira. Zina zimene ananena sindingazilembe. Kenaka ananyamula beseni ndi pampu n'kupita kumtengo kuja, chifukwa matayala sanaleke kuphulika.

Mgodi sunatsegulidwe, ndipo chipinda sichinakule. Koma m'mawa uliwonse bambo ankakhala ndi mlandu wawo wokatula kwa Mulungu, tsiku lina waufupi, tsiku lina wautali mpaka ana kuchedwa kusukulu. Mvula itayamba, zovala zitaleka kuuma pampanda, ndinatulutsa chingwe chija. Amene anandimangira chingwecho ndi bambo omwewo, pansi pa khonde.