Dzanja la a Makala

Anthu ankawatcha a Makala chifukwa ali mnyamata ankadetsa makoma ndi zithunzi zoseketsa za aphunzitsi awo. Atakula ankalemba zikwangwani za masitolo, moti ana awo anakulira m'fungo la penti. Kenako sitiroko inawagwira ali pamakwerero, dzanja lamanja n'kufa.

Mwana wawo wamkazi, namwino, anayamba kuwabwerekera ku laibulale mabuku a mbiri za akatswiri ojambula zithunzi ndi makatuni, poganiza kuti mwina mtima ungadzuke. A Makala ankakhala pawindo tsiku lonse, buku lili pamwendo, n'kumatembenuza masamba ndi dzanja lamanzere. Ankawerenga za umphawi wa anthuwo, maukwati awo, kutchuka kwawo, koma zonse zinkangodutsa ngati magalimoto mumsewu. Nsanje sankachita, chisoninso sankamva.

Tsiku lina mwanayo anaika pensulo patebulo.

"Bambo, mukuwerengayu akuti anaphunzira kujambula ndi lamanzere. Bwanji muyeseko?"

A Makala anayang'ana pensuloyo kwa nthawi yaitali ngati chinthu cha mwini.

"Anachita bwino," anatero. "Ili ndamaliza, mwanawe. Mawa ubweretse lina, lalikuluko."