Maina a m'kati mwa ng'oma

Aneba anga kuno ku Bowie, kutsidya kwa nyanja, ndi bambo aukali, ndipo masiku ano ukaliwo ndawatengera. Kwa zaka makumi atatu akhala akukonza ng'oma ndi malipenga a gulu la achinyamata la m'dera lathu, lija limaguba pa zikondwerero. Mwana akasiya lipenga pansi amamukalipira m'Chinyanja cha ku Lusaka. Mwanayo amayankha m'Chingelezi, koma lipengalo amalitola msanga.

Ali ndi mwambo wawo. Mwana akakula n'kutsanzikana ndi gulu, iwo amamasula chikopa cha ng'oma yaikulu, n'kumupatsa cholembera kuti alembe dzina lake ndi chaka pa thabwa la m'kati. "Pepala limasowa," amatero, "ng'oma sisowa."

Mwezi watha komiti yatsopano inagula ng'oma zonyezimira. Zakalezo anazitaya ku zinyalala Lachiwiri, osafunsa munthu, ati zimangodzaza malo. Zamanyazi! Loweruka lake wapampando, mayi Namakau, anafika pakhomo pa bambowa ine ndili pomwepo, akumwetulira ngati palibe chachitika.

"Atate, tikulemba kabuku ka mbiri ya gulu. Mungatipatseko maina a ana akale?"

Pa maina aja panali la mwana wa bambowa, Chalwe, amene anamwalira zaka zisanu zapitazo, lolemba ndi dzanja lake. Ine ndinapsa mtima, ndinafuna kulalata msewu wonse umve.

Bambowa sanakweze mawu. Anangoti, "Mbiri munali nayo, mayi. Inakwera lole ya zinyalala Lachiwiri. Ithamangireni."