Tsiku Limene Mphuno Inandikwezetsa Mulamu pa Njinga

Maso anga anachita nkhungu zaka zingapo ndisanauze munthu. Poyamba ndinkati ndi utsi wa fodya, kenako ndinati ndi fumbi la m'chilimwe. Mvula inagwa, fumbi linatha, nkhungu yanga inatsala. Ndinakhala chete chifukwa cha njinga. Banja langa ndimalidziwa: akanamva kuti adada saona bwino, akanandilanda tsiku lomwelo, ndipo mwamuna wa ku Magodi wopanda njinga ali ngati mbuzi yomangilila pachikhomo.

Njila sinali vuto. Mwala uliwonse pakati pa nyumba ndi chalitchi matako anga amaudziwa. Vuto linali Lachinayi. Tsiku limeneli akazi anga amapita ku msonkhano wa azimai, ndipo popeza maondo awo anatopa kale, ntchito yokawatenga inali yanga. Tsono azimai a mpingo amavala zofanana: bulauzi yoyela, duku loyela, siketi yakuda. Akamatuluka m'chalitchi, kwa ine ankaoneka ngati akakowa atela padambo. Inu ophunzila tandiuzani, mkazi wako ungamutole bwanji pakati pa akakowa?

Ine ndinkatola ndi mphuno.

Panali kabotolo ka pefyumu kamene mwana wathu wamkazi ankawabweletsela kuchokela ku Chipata. Dzina lake sindinaligwilepo, Chingelezi changa chinathela panjila. Fungo lake silinali laukali. Linali ngati mango akamayamba kupsa iwe usanawaone, kusakaniza ndi maluwa a malalanje, ndi kagwafa pang'ono kumapeto. Dzuwa la Okutobala likaotcha, mapefyumu ena amasanduka mankhwala opopela thonje, koma iyi inkangopepuka. M'mpingo monse munalibe wina amene anali nayo. Ndinkaima pansi pa mtengo kumene mphepo ikulowela, kafungo kakafika n'kunena molimba mtima, "Kwelani tizipita."

Lamulungu lina m'mawa kabotolo kanangoti fuu, mpweya wokhawokha.

"Yatha," anatelo akazi anga. "Mwana wati m'mashopu mulibenso. Basi, ndakalamba, ndizinunkhila sopo."

"Sopo? Mkazi wa ine?"

"Imwe, mwayamba liti kusamala za fungo langa?"

Ndinanamizila kutsokomola. M'mawa mwake ndinaika kabotolo kopanda kanthu m'thumba la jekete, n'kupempha malo pa galimoto yonyamula mtedza yopita ku boma.

Mumsika wa ku Lundazi anandilozela kwa mai wina wa ku Kasungu wogulitsa mafuta odzola ndi zonunkhila.

"Monile amama. Ndikufuna mnzake wa uyu."

Anatsegula, ananunkhiza, n'kundibwezela. "Asekulu, iyi anasiya kupanga kalekale."

"Anasiya ndani?"

"Eni ake a kampani."

"Anamwalila?"

"Ayi, anangosiya."

Apa mutu wanga unaima. Munthu amasiya mowa, amasiya fodya, ena amasiya akazi. Koma fungo? Mango sanasiye kupsa, malalanje sanasiye kuchita maluwa. Ndiye munthu ali ndi mphika wake wophikila zimenezi, anthu akuzifuna, iye wangodzuka tsiku lina n'kuvundikila mphika? Ndinafunsa ngati wina anawakwiyitsa, kapena ngati pali kumene ndingatumize mawu. Mai uja anaseka mpaka anagwila tebulo.

"Madala awa apeza kamtsikana," anatelo mnzake wogulitsa pambali. "Taonani nsapato apolisha."

"Kamtsikana kanga kali ndi zidzukulu zodzaza ngolo," ndinamuyankha, "ndipo kakakumva kakupotola khutu."

Mai wa ku Kasungu anati tisataye mtima, tifune yofanana nayo. Anandipopela ina padzanja, ina pachigongono, ina pakolala, ina pachipewa. Pofika yachisanu mphuno inali itafa. Zonse zinkanunkha chimodzimodzi, pamwamba pake fungo la nsomba za kapenta za mzele winawo. Anandigwilitsa kabotolo kena n'kunena, "Iyi ndi mng'ono wake wa yanu ija, mimba imodzi." Ndinaitenga. Pobwelela anyamata a pagalimoto anandikhazika kumbuyo kwenikweni.

Akazi anga anailandila ndi manja awili, anapopela kamodzi, anayetsemula katatu, n'kuthokoza kuti "yewo". Ine ndinayandikila ngati ndikufuna chikho cha madzi, ndikuloweza fungolo pamtima. Linali ngati switi yogwela m'palafini. Mimba imodzi, inde, koma atate ake ndikukaikila.

Lachinayi ndinaima pansi pa mtengo wanga. Akakowa anatuluka. Switi ya m'palafini inandimenya mphuno kuchokela kumanzele, ndipo ndinakweza mawu, "Kwelani tizipita."

Munthu anakwela. Njinga inalila.

"Mwadya chiyani ku msonkhano lelo?" ndinafunsa ndikupalasa. Sanayankhe. Ndinati atopa ndi kuimba, ndiye ndiwasangalatse. Akazi anga ali ndi mkulu wao, mai wamasiye wa mudzi woyandikana nafe, mulamu wanga amene timanyozana kuyambila tsiku la ukwati.

"Akulu anu aja ndawamva ndili panja," ndinatelo. "Mawu ngati ng'ombe yoitana thole. Kwaya yonse ikupita kumpoto, iwo okha akupita ku Kasungu."

Ananditsina m'nthiti. Mtima wanga unasangalala, pakuti akazi anga anali atasiya kunditsina kalekale. Ndinaonjeza za kadyedwe ka mulamu wangayo pamalilo, ndi za duku lao limene amamanga ngati mtolo wa fodya. Ananditsinanso. Titafika pamphambano ya kudambo, mawu anatuluka kumbuyo kwanga.

"Mulamu, nditsitseni pompano. Ng'ombe yafika pakhola."

Sindidziwa mmene ndinaimila osagwa. Ndinayang'ana, ndinanunkhiza, ndinayang'ananso. Fungo linali la akazi anga, mawu anali a wina, ndipo kwa kanthawi ndinkafuna kutsutsa mawuwo.

"Pefyumu iyi mwaitenga kuti?"

"Mng'ono wanga wandipatsa m'mawa, akuti ikumupweteka mutu."

"Nanga osanena bwanji kuti ndinu?"

"Mwandiitana nokha pamaso pa mpingo wonse. Ine ndiye ndilibe maondo? Komanso ndimafuna ndimve za duku."

Ndinatembenuza njinga. Akazi anga ndinakumana nao pakati panjila, akutsimphina, atatsamila phewa la mnzao. Ndinawadziwa chifukwa mnzaoyo anati, "Awo, abwela a thilansipoti." Anakana kukwela. Tinafika kunyumba iwo patsogolo, ine pambuyo ndikukankha njinga, dzuwa lili pamutu.

Anakhala pakhonde, anavula nsapato, n'kuyamba mwakachetechete.

"Ndinaima patsogolo panu, ngati pano ndi pamtondo apo. Munandiyang'ana kumaso, n'kuitana akulu anga. Azimai onse aona. Tsono sankhani chimodzi, abambo: mukufuna akulu anga, kapena simuona?"

Ndinene zoona, ndinayamba ndaganiza. Mlandu wa mulamu umatha ndi nkhuku imodzi ndi kusekedwa mwezi umodzi, njinga n'kutsala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomele chikondi chimene ndinalibe, koma ndinakumbukila mmene amatsimphinila panjila paja, bodzalo n'kulisiya.

"Zala zingati izi?" anafunsa.

"Zitatu."

"Dzanja sindinakweze."

Kenako anafunsanso, mawu atatsika, "Nanga masiku onsewa mumandipeza bwanji?"

Ndinaloza mphuno. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena akondwela kuti mwamuna wao anapita mpaka ku boma chifukwa cha fungo lao. Sanachite chilichonse mwa ziwilizi.

"Ndiye mwakhala mukunditsitsa pamtsetse wa kudambo uja, mothamanga muja, inu osaona?"

"Tinagwapo?"

"Chete."

Anadzuka ndi maondo ao omwewo, anawelama panjinga, n'kumasula mavavu, tizitsulo totsekela mpweya m'matayala. Mpweya unatuluka ndikumva. Mavavuwo anawamanga pamfundo ya chitenje. "Lolemba tikupita kuchipatala. Adokotala akanena kuti mukuona, ndidzamasula mfundoyi."

Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awili. Anandikonza lakumanja, ndipo ndi limene ndikulembela izi. Lakumanzele anati lidikile kaye. Tsiku limene anachotsa bandeji ndinafika kunyumba ndikuwelenga masamba a mtengo, ndinatambasula dzanja ndi ulemu wonse. Akazi anga anamasula mfundo, anandiika vavu imodzi m'manja, inayo n'kuimanganso.

"Diso limodzi, vavu imodzi," anatelo.

Ndinaika kutayala lakutsogolo, ndinapopa bwinobwino. Mpaka lelo sindinapeze chochita nalo.