Tsiku limene tinagoneka mota m'boti

Mwana wanga atabadwa ndinabwerera kwa makolo anga, kumudzi wathu wa m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa Msumba. Mwamuna wanga anali atapeza ntchito ku Lichinga, ndipo kumene ankagona kunali kachipinda kamodzi kosakwana banja. Pochoka anandisiyira njinga yake yamoto, imene kwathu timangoti mota, yofiira, yogula kwa munthu, kuti ndizipitira kusukulu kumene boma linanditumiza nditamaliza maphunziro a uphunzitsi. Sukuluyo inali kutali ndithu, njira yolowera ku Cobue, ndipo pakati panali mtsinje wopanda mlatho. M'chilimwe ngakhale nkhuku inkauwoloka osanyowa nthenga. M'dzinja inali nkhani ina.

Sukulu zathu zimatsegulira mvula ili pakati, ndipo tchuthi changa cha uchembere chinatha nthawi yomweyo, mwana asanafike polawa phala. Ankadalira bere basi. M'mamawa ndinkamuyamwitsa mpaka atagona, kenako n'kukamira mkaka wina m'kapu, n'kuvundikira ndi kambale. Amayi ankamumwetsa ndi supuni dzuwa likakwera. Mkaka umenewo unkamufikitsa masana, ndipo ukatha panalibenso china chomupatsa. Choncho chaka chimenecho mutu wanga unali pa chinthu chimodzi: ndikaweruka, ndifike.

Ine ndine wamantha, ndisabise. Mwana akagona mwakachetechete ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Ndili m'kalasi, choko chili m'manja, mbuzi ikalira panja mtima unkangoti phaa, ana n'kumandiyang'ana kuti aphunzitsi aiwala chiyani. Ndiye tangoganizani munthu wotere pa mota, m'matope.

Kuyendetsa mota mwamuna wanga anandiphunzitsira pabwalo la mpira, mimba isanaoneke. Zambiri za dzinja anachita kundiuza pafoni, chifukwa m'chilimwe matope ophunzirirapo kulibe. Ankati poterera ndisamagwire buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, ndiziyenda pa giya yaing'ono, mapazi ali pafupi ndi nthaka. Madzi akafika pa paipi yotulutsa utsi, ndisalowemo. Ndikawoloka ndizipondako buleki pang'onopang'ono kuti iume. Ndipo ankabwereza, ngati ndine mwana wa kalasi yoyamba, kuti mota sagoneka cham'mbali, chifukwa petulo ndi oyilo zimapita kosayenera kupita. Ndinkayankha kuti ndamva, iye n'kubwerezanso.

Wosamala mota anali atate. Iwo anali msodzi kuyambira unyamata wawo, ngakhale zaka za nkhondo zimene anakhala ku Malawi ankakhalira nkhafi ndi ukonde. Za njinga sankazidziwa, koma chinthu chilichonse chonyamula munthu kwa iwo chinali chombo, ndipo chombo sichigona ndi litsiro. Ndikafika masana, ine ndikuthamangira mwana, iwo ankaikokera pakhonde n'kuyamba kutokosa matope ndi kamtengo, pansi pa malata ophimba matayala, m'mano a tcheni, paliponse. Akapukuta tcheni ndi sanza ankadonthezera oyilo ndi nthenga ya nkhuku, uku akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Pomaliza ankaikweza pa matabwa kuti matayala asagone pachinyontho, n'kuifunditsa tanga yakale, chinsalu chokolera mphepo cha bwato lawo.

Sabata yoyamba anafuna kukaitsuka kunyanja, monga timatsukira mbale, zovala ndi ana. Anali atayamba kale kuikankha. Ndinaimbira mwamuna wanga, iye n'kukana kwamtuwagalu, ati madzi akalowa m'kati injini ifa. Atate anakhumudwa. Anati mkamwini wawo ndi wa kumapiri, amaopa nyanja ngati kuti imaluma. Komabe kuyambira tsiku limenelo ankatunga madzi m'beseni n'kumaipukuta ndi nsalu ngati munthu wodwala. Panopa atate kulibe, ine ndikukhala ku Lichinga, koma ndikamva fungo la oyilo wakale m'mvula ndimawaona atagwada pakhonde paja, chipewa chawo cha udzu chili pambali.

Pali chinthu chimene sindinauzepo amayi. Ulendo uja ndinkaukonda. Ndinkavala buluku la mwamuna wanga, pamwamba n'kumanga kapulana, chitenje cha kwathu, kuti amayi asadandaule, kenako kapa ya pulasitiki yotchinga mvula ndi chisoti cholimba chija. Ndikangotuluka m'mudzi, minda ya chinangwa itanyowa, nthambi za mango zikundidonthezera madzi m'khosi, mantha onse ankasanduka ntchito ya m'manja. Sungadere nkhawa za mwana uku ukusankha poponda tayala. Panjira paja palibe ankandiitana, palibe ankalira, palibe ankafuna kuti ndimuonere kope. Ndinkachita manyazi kuti mayi wa khanda angasangalale ali kutali ndi khanda lake, koma ndinkasangalala.

Tsiku limene ndikunenali kunacha bwino. Mtsinje ndinauwoloka madzi akulekeza m'kakolo. Tili m'kalasi tinamva mabingu kumapiri, koma pasukulu sipanagwe ngakhale dontho, ndiye sindinaganize kanthu. Nditaweruka ndinapeza msewu utayamba kuterera cha kutsogolo, ndipo ndinayenda pang'onopang'ono, mapazi akukhudza pansi. Mtsinje ndinayamba kuumva ndisanauone.

Unali utadzaza mpaka m'mabango, wofiira ngati phala la katondo, ukukokolola mapesi ndi thunthu la nthochi. Anthu anali atakhala pansi tsidya lino ndi tsidya lina, ena akudya mango, podziwa kuti achedwa. Ndinafunsa kuti uphwa nthawi yanji. Wina anati madzulo, wina anati mawa, wina n'kuseka kuti ndikafunse mapiri. Foni pamalo paja sigwira. Mabere anali atayamba kuwawa, ndipo ndinadziwa kuti kapu ija kunyumba yatsukidwa kalekale.

Ndinayang'ana madzi, n'kuyang'ana paipi ya utsi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti madziwo akanamiza mota yonse, osati paipi yokha. Komabe ndinalowetsa giya. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza, mwina sindinkaganiza. Mayi wina wachikulire amene anali atatula mtolo wa chinangwa pambali anaimirira n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Muli ndi khanda, eti? Ndaona bulauzi," anatero. "Zimitsani kaye, mwanangu."

Ndinazimitsa. Bulauzi inalidi itanyowa pachifuwa, kapa ili yotsegula, anthu onse akuona. Mayiwo sanandikalipire. Anangondiuza kuti kumunsi, kudoko, asodzi amawolotsa anthu podzera m'nyanja, kuzungulira pamene mtsinje umathira, ndipo anandilozera kanjira ka m'minda.

Kukankha mota m'kanjira ka m'chinangwa, kenako mumchenga, ndi ntchito imene sindifunira munthu. Komabe kudoko ndinafika. Panali boti lamatabwa, lopalasa ndi nkhafi, ndi asodzi awiri apachibale. Wamkuluyo ankawadziwa atate, ndipo atangondiona anati apurofesora, monga amaitanira aphunzitsi kwathu, asadandaule, boti lake lanyamulapo mbuzi, matumba a simenti ndi mkwatibwi wolira. Anainyamula mota awiriwo, kulowa nayo m'madzi mpaka m'mawondo, n'kuyamba kuipendeketsa kuti aigoneke pa maukonde.

Ndinawaletsa. Ndinati iime, ndiigwirira ine, mwini wake anandiuza kuti siigona cham'mbali. Wamng'onoyo anaseka mpaka kutsala pang'ono kuitaya.

"M'boti simuima kanthu, apurofesora. Ngakhale ansembe akakwera amakhala pansi."

Wamkuluyo sanaseke. Anandilozera kutsogolo, pamene madzi ofiira a mtsinje ankagundana ndi mafunde a mphepo ya mpoto, n'kunena kuti katundu wamtali pamenepo amatembenuza boti. Kwa iwo chilichonse cholemera chimagona pansi penipeni, ndipo umu ndi mmene makolo awo ankachitira. Anati ndisankhe: aigoneke, kapena nditsike nayo. Kuisiya tsidya lino sindinafune, chifukwa tsidya linalo panali patatsala mtunda wautali kukafika kwathu, ndipo ndinkawerengera kuti mota indithamangitsa. Mwamuna wanga ankanena zoona, asodziwo ankanenanso zoona, ndipo mwana anali ndi njala. Ndinatseka kampopi ka petulo n'kuwauza kuti aigoneke.

Ndinakhala pansi m'boti, chiwongolero chili pamiyendo panga ngati mutu wa munthu wopita naye kuchipatala. Petulo ankadontha pachitsekero cha thanki, fungo lake n'kusakanikirana ndi la usipa. Anapalasa kulowa m'kati mwa nyanja ndithu kuti alambalale madzi ofiirawo, ndipo nthawi yonseyo ine ndinkaona ngati tikutalikira kwathu. Pofika pa mafunde paja boti linadumpha, madzi n'kulowa. Anandiponyera chigubu chodula pakamwa kuti ndizikapa. Ndinakapa ndi dzanja limodzi, linalo lili pa mota, ndikupemphera mapemphero oduka mutu. Chigodo china cha mtengo chinadutsa pafupi kwambiri moti wamng'ono uja anachikankha ndi nkhafi, ndipo anasiya nthabwala. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti mota ikanakhala chiimire, tonse tikanakhala m'madzi.

Tsidya linalo anaitsitsa n'kuiimika pamchenga wolimba. Ndinatsegula petulo, kuponda kiki. Zii. Kupondanso, kupondanso, mpaka phazi kuwawa, injini ikungokhosomola. Anayesa kuikankha, osatheka. Wamkulu uja anati zimenezi amaziona pa injini za maboti, n'kumasula pulagi ndi sipanala ya pansi pa mpando. Inatuluka yakuda, yonyowa ndi oyilo. Anati aiwamba pamoto wa udzu n'kuipala, ndipo sefa ya mpweya nayonso iyenera kutsegulidwa kuti iume. Ndikhale pansi ndidikire pang'ono.

Kudikira ndiye kumene sindikanatha. Ndinavula chisoti, ndinavula nsapato, n'kumuika makiyi m'manja munthu amene dzina lake sindinkalidziwa n'komwe. Katundu wamkulu wa banja lathu ndinamusiya pamchenga osacheuka.

Ndinkathamanga, ndikatopa n'kuyenda, n'kuthamanganso. Mvula imene inatilambalala tsiku lonse inayamba kuwaza. Ndinadutsa anthu ondidziwa, akundipatsa moni, ine osayankha. M'mutu mwanga ndinali nditaona kale zoopsa zonse zimene zingachitikire khanda la njala, ndi zina zimene sizichitika n'komwe.

Ndisanafike ngakhale pakati pa mtundawo ndinaona ambulera yakuda ikubwera. Anali amayi, mwana ali kumbuyo, atate akutsatira ndi ndodo yawo. Atate anali ataona mdima kumapiri, ndipo nthawi yanga yofikira itadutsa anauza amayi kuti abereke mwana apite kumtsinje, kuti ngati ndili tsidya lina aone chochita ali pomwepo. Mwana anali atalira mpaka mawu kusasa. Ankangotsegula kukamwa, kukutuluka kamphepo.

Ndinakhala pansi pomwepo, patsinde pa mtengo wa mango, pamatope. Amayi anamumasula n'kundipatsa, n'kutiphimba ndi ambulera. Poyamba anakana bere chifukwa cha mkwiyo, akupukusa mutu. Kenako anagwira. Mkaka unatuluka mwamphamvu mpaka kumutsamwitsa, anakhosomola, n'kugwiranso, kadzanja kake katakola kolala ya bulauzi yanga. Ine ndinkalira, amayi akundiuza kuti ndisiye, mkaka wa munthu wolira umatsegula m'mimba. Atate anatembenukira kunyanja kuti asationerere, ndipo patapita kanthawi anafunsa ali chitembenukire:

"Nanga chombo chili kuti?"

Ndinawauza zonse, mpaka za kuigoneka pa maukonde. Anagwedeza mutu n'kunena kuti asodziwo anachita bwino, n'kupitirira okha kulowera kudoko. Mota inafika kunyumba tsiku lomwelo, msodzi wamng'ono uja akuyendetsa, ikufuka utsi woyera ngati munthu akuwotcha zinyalala zonyowa. Mwamuna wanga nditamuuza pafoni anangoti tisinthe oyilo ndipo tichape sefa. Za kugoneka sanatchule.

Mawa lake amayi ndi amene analamula. Anati mtsinje usadzakhalenso pakati pa bere ndi mwana. Kufupi ndi sukulu kunali azakhali awo a atate, amasiye, okhala ndi chipinda chosagonamo munthu, ndipo madzi atangophwa tinasamukirako, ine, mwana ndi amayi, kufikira mvula itatha. Mota inatsala ndi atate pakhonde. Kusukulu ndinkangoyenda wapansi, kudutsa pachitsime ndi pabwalo la tchalitchi. Belu la nthawi yopuma likalira, amayi ankakhala atafika kale kuseri kwa kalasi, atakhala pamwala, mwana ali pamiyendo akuponda m'mwamba. Ndinkapukuta choko m'manja ndi kapulana n'kumulandira, ana a m'kalasi mwanga akusuzumira pawindo, amayi akuwathamangitsa ndi kamtengo.