Masiku Khumi pa Uvuni wa ku Buchi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene wandisunga mpaka imvi ndipo sanatope kundiphunzitsa ngakhale ndili wamkulu kale. Ndimuyamikanso chifukwa cha mlamu wanga wa pakamwa pakuthwa. Ndamupempherera zaka zambiri kuti lilime lake lizizire, koma Ambuye mwa nzeru zawo sanandiyankhe.

Ndimaphika mabanzi ndi masikono kuno ku Buchi, kuseri kwa nyumba imene amuna anga anandisiyira atatha zaka zawo mumgodi. Timagwira awiri, ine ndi mlamu ameneyu, mkazi wa mlongo wanga. Ine makolo anga anachokera ku Katete, kum'mawa. Iye ndi Mbemba weniweni, Chinyanja anachiphunzirira m'banja.

Tsiku lina titatuluka mu Misa, bambo wina wa bungwe lothandiza anthu olumala anatipempha ife a mabizinesi ang'onoang'ono kuti tilandire munthu mmodzi kwa masiku khumi. Sikunali kumulemba ntchito ayi, koma kuti ailawe, aone ngati imuyenera. Pomaliza, mwini malo alembe papepala zimene munthuyo wachita. Ndinakweza dzanja msanga, ndipo ndiulule kuti ndinayang'ana ngati anzanga andiona.

Anabwera Lolemba, seveni koloko, yekha, atatsika minibasi pamsika ndi kufunsa njira. Anali mayi wa zaka za m'ma sate, ndodo yoyera m'manja. Maso anasiya kuona atadwala ali wamkulu kale, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala kwa alongo ake.

Ndinamulandira monga timalandirira mlendo kwathu, ndipo kwathu mlendo sapatsidwa khasu. Ndinatulutsa mpando wabwino wa pabalaza, ndinauika pansi pa mtengo wa mapeyala kutali ndi moto, ndinamupatsa tiyi wamkaka ndi banzi lotentha. Akati aimirire, ine: "Khalani, mwanangu, mungapse." Lolemba linatha choncho, Lachiwiri chimodzimodzi. Mumtima ndinkati ndikutumikira Ambuye mwa wamng'ono wawo.

Lachitatu anaika kapu pansi, nati mofatsa: "Amai, papepala paja mudzalembapo chiyani? Kuti ndimadziwa kumwa tiyi?"

Ndinatola kapu ija.

"Mpando ndili nawo kwa alongo anga," anapitiriza. "Ndakhalapo zaka naini. Kunyumba anandiletsa kubwera kuno, akuti ndikungokavutitsa anthu. Masiku atsala seveni. Ndikabwerera osagwira kanthu, adzati tinanena, ndipo sadzandilolanso kutuluka. Amayi anga ku Petauke sanandilere kuti ndizikhala."

Ndinamva, koma mantha sanandichoke. Ndinkaona mathireyi amoto, mpeni, uvuni. Ndili chiimire, mlamu wanga anatulukira m'manja muli mbuu.

"Kanshi ndiwe wa kum'mawa, wa ku Petauke? Wodya mbewa, masiku onsewa ndikukupatsa ulemu waulere!"

Anatapa ufa wodzaza dzanja, n'kumupaka kumaso konse mpaka m'tsitsi.

Ndikudziwa bwino chimbuya: ife a kum'mawa ndi Abemba timaitanana kuti mbuya, timanyozana mwachibale kuti ife timadya mbewa, iwo anyani, timapakana ufa ngakhale pamaliro, ndipo palibe wokwiya. Koma kwa munthu wosaona? Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese.

Mayi uja anapukuta milomo, nanunkhiza m'mwamba. "Ndiye chifukwa chake! Kuyambira Mande ndikumva fungo la nyani wowotcha, ndimaopa kufunsa."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kanali koyamba kumva kuseka kwake.

"Nyamuka, iwe mbuya," anatero mlamu. "Kuno sitiweta alesi. Samba m'manja, beseni lili kumanzere kwako."

Anamugwira manja onse awiri n'kuwamiza mu ufa wokanda. Mabanzi ake oyamba anatuluka ena ngati chibakera, ena ngati dzira. Mlamu anakweza limodzi: "Ili ndi banzi kapena mbewa ya pakati?" Iye anayankha kuti Mbemba angadziwe bwanji chakudya chabwino. Koma anapempha kuti amupatse banzi loyenera aligwire, analizunguliza m'manja kanthawi, nayambanso.

Anatiikira malamulo m'nyumba yathu yomwe. Mpeni ukhale malo amodzi, mchere kumanja, shuga kumanzere, ndipo wonyamula thireyi yamoto anene mokweza. Ine amene ndinkataya nthawi kufunafuna supuni ndinapeza kuti ntchito yayamba kutha msanga.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapsa. Dzanja linakhudza m'mphepete mwa thireyi, ndipo amene anakuwa ndine. Iye analiviika m'madzi ozizira, nafunsa: "Amai, inu simunapsepo?" Ndinayang'ana mikono yanga. Zipsera zili mizeremizere kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono, za zaka makumi awiri, ndipo palibe anandikhazikapo pampando chifukwa cha izo.

Cha kumapeto ndinkaima chabe kumuonerera. Zala zake zinkadula mtanda, kuuyesa kulemera, kuuzunguliza, kuukhazika pamzere, chala chaching'ono chikuyeza mpata pakati pa banzi ndi linzake. Foni yake yolankhula inkamuuza nthawi yotulutsa. Ndinaganiza za manja amene anaumba munthu ndi dothi pachiyambi, ndipo ndinachita mantha oyera, ngati ndiyenera kuvula nsapato m'khitchini yanga yomwe. Zonsezi zinali mwa iye masiku atatu aja ndikumumwetsa tiyi.

Tsiku lomaliza ndinali nditapemphera ndi kutsimikiza mtima. Ndinati: "Mwanangu, usapitenso kwina. Malo ako ndi ano."

Anayankha kuti: "Zikomo, amai. Koma ayi."

"Takulakwira?"

"Simunalakwe. Ntchitoyi ndaitha, koma sindinaikonde. Kutentha kumandipweteka mutu. Chimene ndinakonda ndi pamene a matuntemba, timagolosale ta m'mbali mwa msewu, ankaimba foni kuitanitsa mabanzi, inu n'kundipatsa kuti ndiyankhe. Ndimakonda anthu, amai, ngakhale okalipa. Abungwe ali ndi masiku ena khumi ku Ndola, pa ofesi yolandira mafoni. Ndikakhala kwa azakhali ku Nkwazi." Anamwetulira. "Mwezi watha ndikanavomera chilichonse, ngakhale kusesa. Lero ndikudziwa chimene ndikufuna."

Sindibisa, zinandibaya. Ndinali nditakonza mphatso, ndipo inabwezedwa. Koma ndili pomwepo ndinakumbukira wakhungu uja wa m'mbali mwa njira ya ku Yeriko. Aliyense ankaona chimene chinkamusowa, komabe Ambuye anaima nayamba amufunsa chimene iye mwini ankafuna. Nkhani imeneyo ndaimva kuyambira ubwana, ndaiphunzitsa ana a katekisimu, koma sindinaone kuti funsolo linali chiyambi cha machiritso. Ine m'masiku khumi ndinamusankhira kawiri, mpando ndi ntchito, osamufunsa ngakhale kamodzi.

Ndinatenga pepala lija ndi kulemba zonse: kukanda, kudula, kuyala, kusunga nthawi, kuyankha makasitomala. Anandiuza kuti ndilembenso za kupsa, kuti kunyumba adziwe kuti anapsa ndipo sanafe. Ndinamuwerengera mokweza, iye analipinda bwinobwino nalisunga m'chikwama.

"Pita, mbuya," anatero mlamu. "Ku Ndola mbewa n'zambiri." Anamupaka ufa pang'ono pachipumi, ndipo iye sanaupukute. Tinamva ndodo yake ikugogoda njira yonse ya kumsika, ine ndinanyamula mpando uja kuubwezera pabalaza.

Inu amene mwawerenga, Ambuye amene anaima panjira kuti afunse akudalitseni. Akupatseni manja ogwira ntchito ndi makutu odikira yankho la mnzanu. Amene mwakhazikidwa pampando nthawi yaitali, akutumizireni wokuitanani kuti munyamuke, ndipo akutsegulireni khomo limene mtima wanu ukufuna. Mtendere wake ukhale m'nyumba zanu. Amen.