Vidiyo ya Shoo Yomaliza ya Adadi

Anzanga, mwakhala mukundifunsa kuti Fyuzi ali kuti masiku ano. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndingolemba kamodzi basi.

Ndinakumana naye m'galaja mwathu. Adadi ankaimba gitala m'bandi ya rock, ija yaphokoso yonjenjemeretsa mawindo. Bandiyo ndi yakale kuposa ine. Onse ndi madala a imvi, wina wadazi, koma majekete achikopa savula ngakhale kutenthe bwanji.

Tsiku limenelo ampulifaya ya adadi inafuka utsi pakati pa pulakatisi, ndiye anaitana mnyamata wokonza mawailesi. Anatsegula, kusuzumira, n'kuti, "Ndi fyuzi chabe, madala."

Amalume oimba ng'oma anaseka. "Basi, iwe ndiwe Fyuzi kuyambira lero."

Ine ndinali nditabweretsa madzi akumwa. Mnyamatayo anandifunsa, "Phokoso lonseli, m'nyumba muno mumagona bwanji?"

"Ndinabadwira momwemu," ndinatero. "Kukati zii m'pamene ndimasowa tulo."

Anaseka... ine mtima n'kupita.

Kuyambira pamenepo sankajomba pulakatisi, ngakhale popanda chowonongeka. Ankakulunga mawaya, kunyamula masipika. Akamaliza tinkaperekezana kushopu makutu akulira, tikukuwirana mawu achikondi pamsewu ngati tikukangana. Adadi, amene ankathamangitsa mnyamata aliyense wondiyang'ana kawiri, anamulola kugwira gitala yawo. Ine mwana wawo sindinaikhudzepo popanda kukalipiridwa.

Kenako dzanja lamanzere la adadi linayamba kuuma. Zala zinkakana kumvera. Adokotala ananena mosabisa kuti zizingoipiraipira. Bandi inagwirizana zopanga shoo yomaliza, Loweruka masana, mu holo yomwe anayambira ali anyamata.

Adadi anatulutsa kamera yathu ya vidiyo m'kabati. Anati, "Sindikufuna nkhope yanga, yakalamba. Ndikufuna zala. Pa nyimbo yomaliza, pa solo yanga ija, pomwe gitala yanga imalira yokha. Adzukulu anga adzaone kuti dzanjali linkagwira ntchito."

Ine ntchito yanga inali kumbuyo kwa steji, kuwatikita dzanja ndi thaulo lotentha pakati pa nyimbo. Ndiye ndinati, "Kamera tipatse Fyuzi, adadi. Sangatikhumudwitse."

Ndine ndinanena zimenezo, ndi pakamwa panga pomwe.

"Usade nkhawa, bebi," anatero Fyuzi. "Chala chilichonse chioneka."

Holo inadzaza. Azibambo amimba ankadumpha ngati ana, azimayi akugwedeza mitu mpaka mawigi kupendama. Itafika solo ija, adadi anaimba ngati sakumva kupweteka. Ine kumbuyoko ndinkangoona msana wawo ndi thukuta likutsika m'khosi. Ndinalira, koma ndinkadziuza kuti zalazo ndikaziona kunyumba.

Sipanapite nthawi, dzanja lija linasiyiratu kugwira ngakhale supuni. Lamlungu lina adadi anaitana abandi onse kuti tionere vidiyo. Fyuzi anabweranso, n'kukhala pafupi nane. Iye anali asanaionere.

Poyamba zonse zinali bwino. Madala ankasekana mimba. Nyimbo yomaliza inayamba, kamera ili pa zala za adadi, ndipo adadi anasendera kutsogolo pampando.

Kenako chithunzi chinayamba kutsetsereka. Chinadutsa sipika, n'kulowa m'gulu la anthu, n'kuima pa mtsikana wina wa bulauzi yachikasu. Chinamuyandikira mpaka nkhope yake kudzaza TV yonse. Iye akuvina, akubayibitsa kamera.

Gitala ya adadi ikulira bwinobwino, koma tikuona milomo ya munthu wosamudziwa.

Ndiye mawu a Fyuzi anamveka, pafupi penipeni, poti kamera inali pakamwa pake: "Wabwera eti? Usaope, ujeni ali kumbuyo, sangatione. Tikumane akamapakira katundu."

Ujeni. Ine ameneyo.

Kamera inabwerera pa steji anthu akuwomba kale m'manja.

Amalume a ng'oma anayang'ana nsapato zawo.

"Dzanja linangotopa," anatero Fyuzi. "Kamera ija ndi yolemera..."

"Nanga pakamwapo panatopanso?" anafunsa amayi.

Adadi sanakweze mawu. Anangoti, "Mwana wanga, ndinakupatsa ntchito imodzi yokha."

Fyuzi anaimirira n'kutuluka. Palibe anamuperekeza.

Mpaka lero amatumiza mameseji. "Sorry bebi, sizinali serious." Ndimangowayang'ana. Mphamvu zotukwana ndilibe, zokhululuka ndilibenso. Za mtsikanayo sindinafufuze n'komwe, kaya ndi ndani kaya adakali limodzi, zawo zimenezo.

Ndinapempha aliyense amene anajambula pa foni tsiku lija kuti anditumizire. Zomwe ndinalandira ndi mitu ya anthu, manja m'mwamba, ndi adadi ali kutali ngati kachidole. Amene anaima pafupi ndi zala zija anali Fyuzi yekha.

Masiku ano adadi amandipemphabe kuti ndiwaikire vidiyoyo. Ikafika nyimbo yomaliza ndimaphimba TV ndi nsalu. Iwo amatsinzina n'kumamvetsera, dzanja lija lili pabondo, chala chimodzi chikuyesa kusuntha.

Dzulo nsalu inagwa, mtsikana uja n'kutulukira. Ndinathamangira kuti ndiphimbenso.

"Ingosiya," anatero adadi. "Ndinamuzolowera. Bola iye anavina."

Ndinakakhala kukhitchini mpaka nyimbo itatha.

Anzanga, kukonda munthu si umboni woti ndi wodalirika. Chinthu choti sichidzachitikanso musamachisiye m'manja mwa munthu chifukwa choti amakusekererani. Mwamuna wina mwina ndidzamupeza. Koma tsiku lomaliza lomwe zala za adadi zinathamanga pa gitala, ine ndinangoona msana.