M'bawa wa amalume kuseri kwa mpanda

Lachiwiri lapitali ndinanama. Ndinanamiza amalume anga enieni, munthu wa imvi, tili chiimire m'mphepete mwa msewu ku Lusaka.

Amalumewa amakhala kumudzi ku Shikabeta, ndipo maso awo akuzima. Kuchipatala anawauza kuti pofika nthawi yokolola sadzaonanso. Ndiye anandikakamiza kuti ndiwaperekeze akaone mtengo wawo. Amati ali achinyamata, pomwe azungu ankamanga nyumba ya bwanamkubwa, imene lero mumakhala pulezidenti, iwo anabzala m'bawa pabwalo pake n'kumauthirira ndi ndowa chilimwe chonse.

Kunena zoona, nkhaniyi sindinkaikhulupirira kwenikweni. Kwathu kuno nkhalamba iliyonse inagwirako ntchito kwa bwanamkubwa. Onsewo akanakhala onena zoona, bwenzi bwanamkubwayo ali ndi ophika ambiri kuposa mbale.

Koma nayonso mbiri ya nyumbayo ya pa wailesi ndimaikayikira. Sabata yomweyi anaiulutsa. Anatchula mzungu amene anajambula pulani, anatchula abwanamkubwa mmodzimmodzi, mpaka mbendera imene inatsika ndi imene inakwera. Nanga njerwa zinadziumba zokha? Nanga anthu amene ankalima pamalopo azungu asanabwere, analowera kuti? Pamenepo wailesi inangoika nyimbo.

Titalandira ufulu anatiuza kuti nyumbayo tsopano ndi yathu. Titasintha boma posachedwapa, anatiuzanso zomwezo. Ine mawu okoma akamabwerezedwa chonchi ndimayamba kuyang'ana pamene pali loko. Ndi nyumba yathu yanji imene timaionera pa windo la minibasi?

Tinafika pa geti. Msilikali wake anali waulemu ndithu, mpaka kuwatchula amalume kuti ba shikulu, kutanthauza agogo.

"Ba shikulu, muli na kalata?"

"Kalata ya chani, mwana wanga? Nifuna chabe kugwira mtengo wanga. Nikaugwira nizauziba."

"Sivingatheke, ba shikulu. Kaimilileni kuja."

Tinakaima kutsidya kwa msewu. Pamwamba pa mpanda pankaoneka nsonga za mitengo yambirimbiri, yonse yobiriwira mofanana. Amalume anatukula nkhope uku akuphethiraphethira.

"Uli kumanja kwa nyumba, utali kupambana yonse. Wauona?"

Ine sindinaone m'bawa uliwonse. Mwina ulipo, mwina anaudula kalekale, mwinanso sunabzalidwe n'komwe.

"Nauona, amalume. Wakula maningi."

Anavula chipewa n'kumwetulira, nkhope italoza ku mlongoti wa magetsi. Mtima unandiwawa, ndipo mpaka pano ukundiwawabe.

Pobwerera, minibasi isanafike n'komwe ku Chinyunyu, amalume anali atauza kale aliyense kuti mwana wa mlongo wawo, munthu wophunzira wolemba m'nyuzipepala, wauona mtengowo ndi maso ake. Mayi wina analonjeza kukauza ana ake.

Ndiye tsopano mboni ya m'bawa uja ndine. Inu owerenga, mbiri ya pa wailesi ija, mboni zake anazipeza bwanji?